Ntchito Yotsegula Khutu: Zolemba za Masabata 12

Sabata 1

Ndayamba lero. Dzulo usiku ndinatsegula mndandanda wa nyimbo zimene ndinamvera kwambiri chaka chatha, uja foni imasunga yokha. Pa nyimbo 50 zoyambirira, 44 zinali za zamba ziwiri basi, reggae ndi R&B, ndipo zambiri ndinazidziwa ndisanakwanitse zaka 25. Nyimbozi ndimazikonda ndipo sindikuzitaya. Chimene chandikhudza n'chakuti papita zaka zambiri popanda chachilendo chilichonse cholowa m'khutu mwanga. Pulogalamu ya m'foni imandisankhira nyimbo tsiku ndi tsiku, koma imayang'ana zimene ndinakonda dzulo n'kundibweretsera abale ake a zomwezo. Inapangidwa choncho. Singandipatse chinthu chimene sindinasonyezepo kuti ndingachifune.

Ndiye ndapempha anthu. Ndalembera anthu 15, achibale, anzanga a kuntchito ndi ena amene tinaphunzira limodzi kalekale. Aliyense andipatse nyimbo imene amaikonda zenizeni, ya chamba chimene akuganiza kuti ine sindimvera. Asandisankhire yofewa pondimvera chisoni. Pamodzi ndi nyimboyo andilembere chiganizo chimodzi chondiuza pamene ndiyenera kutchera khutu.

Kumbali yanga ndalonjeza kuti nyimbo iliyonse ndiimvera katatu, pa masiku atatu osiyana, kuyambira poyamba mpaka pothera, osadumpha. Maganizo anga ndizilemba ndikamva kachitatu. Ndagula kope la ntchitoyi.

Sabata 2

Ayankha anthu 9. Ndayamba ndi ya mnzanga wa kuntchito, "So What" ya Miles Davis, yotsegulira chimbale cha Kind of Blue chimene chinajambulidwa ku New York mu 1959. Chiganizo chake chinali ichi: "Achimwene, tsatirani besi. Iye ndiye akufunsa, enawo akuyankha."

Ulendo woyamba sindinamve chilichonse cha zimenezi. Kwa mphindi 9 ndinkadikira kuti munthu ayambe kuimba ndi pakamwa, ndipo nyimbo inatha ndikudikirabe. Apa ndazindikira chizolowezi changa choyamba. Kwa ine zida zoimbira zakhala ngati mphasa yoyalidwa, ndipo nyimbo yeniyeni ndi munthu amene abwere kudzakhalapo. Munthuyo akapanda kubwera, ndimaona ngati palibe chachitika.

Ulendo wachiwiri ndinachita zimene anandiuza. Paul Chambers amaimba kachiganizo kakafupi pa besi, piyano n'kuyankha ndi mawu awiri, kenako malipenga amalowa pa yankho lomwelo. Ndi kuyambitsa ndi kuvomereza, chinthu chimene khutu langa likuchidziwa kale. Chachilendo n'chakuti woyambitsa ndi chida chimene nthawi zambiri chimakhala kumbuyo kwa anzake. Ulendo wachitatu ndinamva kuti nyimboyi imakhala pamalo amodzi nthawi yaitali, kenako imakwera pang'ono zedi, mtunda wa makiyi awiri oyandikana pa piyano, n'kubwerera pomwe inali. Davis amaomba lipenga mosiya mipata, ngati munthu amene akuganiza kaye asanalankhule. John Coltrane akalowa amadzaza mipata yonseyo. Anthu awiri, njira imodzi, mayendedwe osiyana. Ndasunga.

Sabata 3

Mlongo wanga wandipatsa chigawo chotsegulira nyimbo yoyamba mwa nyimbo 6 zimene Johann Sebastian Bach analembera cello yokha (chida cha nsambo chonga vayolini yaikulu), zaka pafupifupi 300 zapitazo. Anati: "Chida n'chimodzi, koma werengani anthu amene akulankhula." Ndinawerenga awiri, pena atatu. Pali mawu apansi amene amabwerabwera ngati phazi loponda, ndi ena apamwamba amene akuyenda. Iyi sinandivute. Ndi yosakwana mphindi 3, ndipo ndinaimvera kasanu m'malo mwa katatu. Ndapeza zimene woimba cello Pablo Casals anajambula pakati pa 1936 ndi 1939. Zili ndi phokoso la zojambula zakale, koma ndazikonda kuposa zatsopano zoyera.

Sabata 4

Sabata yovuta. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 19, wanditumizira nyimbo ziwiri za metal ngakhale ndinapempha imodzi. Anati: "Amalume, musalimbane ndi mawu. Gitala muimvere ngati ng'oma."

Yoyamba ndi yotsegulira chimbale choyamba cha gulu la Black Sabbath la ku Birmingham, chimene chinatuluka pa 13 Febuluwale 1970. Imayamba ndi mvula, mabingu ndi belu, kenako gitala imagunda mawu atatu olemera, pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera liwiro ndi phokoso, koma ndinapeza kuchedwa. Mawu omaliza mwa atatuwo sagwirizana ndi oyamba, amasiya mtima uli m'malere, ndipo gulu silifulumira kukukhazika pansi. Malangizo a mwanayu anathandiza. Nditasiya kufunafuna nyimbo yoti ndiziimba nawo, ndinamva kuti gitala ikugwira ntchito imene m'zamba zina imagwiridwa ndi ng'oma ndi besi: kachidutswa kamodzi kobwerezabwereza, kamene thupi limakamva kusiyana ndi mutu.

Ndinawerenganso za Tony Iommi, woimba gitalayo. Ali ndi zaka 17 makina anamudula nsonga za zala ziwiri pa fakitale ya zitsulo, ndipo zinali zala za dzanja limene amakanikizira nsambo. Anadzipangira tizovala ta zala kuchokera ku botolo la pulasitiki losungunula, n'kuyamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pambuyo pake anayamba kuzimasulako kuti zisamupweteke. Nsambo yomasuka imalira pansi. Kulemera kumene anthu ambiri anadzatengera kunachokera mbali ina ku zala zovulala. Ndikamvera tsopano ndimaganiza za dzanja limenelo.

Yachiwiri ndi yatsopano, yothamanga, ndipo woimba amabangula kuchokera pakhosi. Ndaimvera katatu monga ndinalonjezera. Ndikuvomereza kuti woimba ng'oma ndi katswiri, mapazi ake onse awiri akuthamanga pa ng'oma zapansi osaphonya. Koma sinanditsegukire. Ndamuuza mwanayo chilungamo. Wayankha kuti naye inamutengera chaka, ndipo wandilonjeza ina yapakatikati.

Sabata 5

Ndaphwanya lamulo langa. Ntchito inachuluka, ndipo nyimbo zitatu za sabata ino ndinazimvera ndikuyankha mauthenga. Nditatsegula kope kuti ndilembe, ndinalibe cholemba. Ndafufuta zonse zitatu pa mndandanda wa zomvedwa kuti ndidzayambirenso. Ndawonjezera lamulo: ulendo umodzi mwa itatuyo ukhale wokhala pansi, mahedifoni kumutu, foni itayang'ana pansi.

Sabata 6 ndi 7

Masabata awiriwa apita pa nyimbo imodzi, ndipo sindikudandaula.

Mayi wina amene tinaphunzira limodzi wanditumizira raga Yaman, ya kumpoto kwa India, yoimbidwa pa sitar, chida cha nsambo cha khosi lalitali. Raga ndi ndondomeko ya mawu imene woimba amapekerapo nyimbo. Kutalika kwake ndi mphindi 40 ndi kanthu. Analemba kuti: "Bambo, muimvere dzuwa litalowa, ndipo musafunse kuti ng'oma ziyamba liti." Poyamba ndinaganiza kuti za dzuwazo ndi zokonda zake chabe. Ayi. M'maimbidwe amenewa raga zambiri zili ndi nthawi yake, Yaman ndi ya chigawo choyamba cha usiku, pamene Bhairav ndi ya m'mamawa.

Ulendo woyamba ndinalephera kusunga malangizo achiwiriwo. Chigawo choyamba, chimene amachitcha alap, chilibe ng'oma ngakhale kugunda kulikonse koti ugwedezere mutu. Kumbuyo kuli tanpura, chida chimene chimangolira mawu omwewo osasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamwamba pake sitar imatenga mawu amodzi, kuwatembenuza, kuwasiya, kutenga ena. Patapita mphindi 10 ndinayang'ana nthawi. Ichi ndi chizolowezi changa chachiwiri: ng'oma ikasowa ndimasowa poponda.

Ulendo wachiwiri ndinaganiza zogwira tanpura ngati poponda panga. Zinasintha zonse. Mawu osasinthawo ali ngati khomo la nyumba, ndipo mawu alionse amene sitar ikuimba amamveka malinga ndi kutalikirana kwake ndi khomolo. Ena ali pafupi, amapumitsa. Ena amakoka mtima kuti ubwerere. Mu Yaman woimba amakonda kuyambira pa mawu amene ali pansi pang'ono pa khomolo, n'kulidumpha kupita pamwamba osalikhudza. Amalizungulira, kulizunguliranso, ndipo akadzafika pa khomo penipeni umamva phewa likutsika. Ndinalemba m'kope kuti alap ndi kudziwitsana. Woimba akukusonyeza mawu amene agwiritse ntchito, amodzi amodzi, ndi khalidwe la alionse, kuti akadzayamba kuthamanga usasochere.

Chinthu china chimene piyano singachite: woimba sitar amakokera nsambo cham'mbali, mawu n'kutsetsereka kuchoka pena kufika pena osadukiza. Zambiri zimene zinandigwira mtima zili m'kutsetserekako, pakati pa mawu awiri, osati pa mawuwo. Pansi pa nsambo zimene amaimba palinso zina zimene sazikhudza kawirikawiri, zimalira zokha mawu ofanana nazo akaimbidwa. N'chifukwa chake sitar imamveka ngati ili m'chipinda chachikulu ngakhale ili yokha.

Tabla, ng'oma ziwiri za manja, zimalowa mochedwa kwambiri. Pa ulendo wachitatu ndinayesa kuwerenga. Kuzungulira kwake ndi kugunda 16, m'magulu anayi a kugunda kunayi, ndipo amakutcha teental. Kugunda koyamba, kotchedwa sam, ndiko pokumanira. Woimba sitar amapita kwake, wa tabla kwake, aliyense akupeka pomwepo, koma onse awiri ayenera kufika pa sam nthawi imodzi. Nthawi zina amatenga kachidutswa n'kukabwereza katatu mowerengera bwino kuti kugunda kwake komaliza kugwere pa sam penipeni. Nditakugwira koyamba ndinaimirira pampando. M'zojambulazo omvera anafuula pamalo omwewo, ndiye ndinadziwa kuti ndawerenga bwino.

Ndaimvera kasanu ndi kamodzi tsopano. Ndikanaipeza ndekha ndikanaizimitsa pa mphindi yachitatu. Chiganizo cha mayiyu ndicho chinandisunga pampando.

Sabata 8

Nyimbo zitatu za mawu a pakamwa, zonse m'zilankhulo zimene sindimva. Ndinasankha kusafufuza tanthauzo mpaka nditamaliza maulendo atatu.

Qawwali ya Nusrat Fateh Ali Khan wa ku Pakistan, amene anabadwa mu 1948 n'kumwalira mu 1997, inalowa mosavuta chifukwa cha masabata awiri apitawa. Ndi nyimbo zachipembedzo za Asilamu otchedwa Asufi. Pali harmonium (kalimba ka makiyi kopopa ndi dzanja), tabla, gulu lovomereza ndi kuomba m'manja kosaleka. Mzere umodzi amaubwereza kambirimbiri, ulendo uliwonse mokwererako, mpaka mawu ake amasanduka chida.

Fado ya Amália Rodrigues wa ku Lisbon inandivuta koyamba, ndinaona ngati akukokomeza chisoni. Amene anandipatsa anati nditchere khutu pamene akuchedwetsa mawu, magitala n'kumudikira. Zoonadi, iye ndiye akulamula nthawi, ndipo gitala ya Chipwitikizi ya nsambo 12 imayankha m'mipata imene wasiya. Morna ya Cesária Évora wa ku Cape Verde ili ndi chisoni cha mtundu womwewo, cha kusowa munthu kapena malo, koma iye samakweza mawu. Pa ziwirizi mtima wanga uli kwa Évora. Komabe pomaliza sabata ndinapeza kuti imene ikundibwerera m'mutu ndi ya Rodrigues.

Sabata 9

Mnzanga amene amakonza makompyuta wandipatsa techno ya ku Detroit. Ichi ndi chamba chimene ndakhala ndikuchinyoza poyera, ndinkati ndi makina ogunda malo amodzi. Iye anati: "Aise, usamvere chimene chikubwerezedwa. Umvere chimene chachotsedwa."

Ndinamvera, ndipo ndinazindikira chinthu chimene ndachidziwa kwa zaka zambiri pansi pa dzina lina. Ng'oma yapansi imagunda osaleka, koma pakapita kanthawi kachida kena kamalowa, kena kamatuluka, besi imazimiririka, ndipo ikabwerera imamveka yatsopano ngakhale sinasinthe. Zimenezi ndi zomwe King Tubby ankachita ku Kingston m'zaka za m'ma 1970. Iye anali wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu, ndipo ankatenga nyimbo ya reggae yojambulidwa kale n'kumachotsa mawu a woimba, kusiya ng'oma ndi besi, kubwezera gitala kwa kamphindi ikuchita kubwereza ngati m'phanga. Chamba chimenechi chimatchedwa dub, ndipo ndachimvera kuyambira ndili mnyamata osaganizapo kuti ndi luso la kuchotsa.

Ndinatsatira ulusi umenewu usiku wonse. Gulu la Kraftwerk la ku Düsseldorf linatulutsa Trans-Europe Express mu 1977. Mu 1982 Afrika Bambaataa wa ku Bronx, ku New York, anatenga kayimbidwe ka nyimbo imeneyo n'kukaika mu "Planet Rock", pamwamba pa makina oimba ng'oma a Roland TR-808. Anyamata atatu amene amatchulidwa poyambitsa techno, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, ankamvera Kraftwerk pamodzi ndi funk ya kwawo. Ndipo DJ Kool Herc, amene phwando lake la ku Bronx la pa 11 Ogasiti 1973 limatengedwa ngati chiyambi cha hip hop, anabadwira ku Kingston komweko. Mipanda imene ndinaika pakati pa zamba zimenezi inali yanga ndekha. Oimbawo ankamverana.

Sindikunena kuti techno yonse ndaikonda. Zina zimene mnzangayu anawonjezera n'zopangidwira chipinda chovinira, ndipo pa mahedifoni zimatopetsa. Koma kunyoza kuja ndasiya.

Sabata 10

Bambo wina wachikulire amene anapuma pantchito chaka chatha anandiimbira foni m'malo molemba. Anati: "Mwana wanga, inu achinyamata mumathawa country chifukwa simunamve yakale." Anandipatsa nyimbo ya banja la Carter. Banjali linajambulidwa koyamba mu 1927 ku Bristol, m'chigawo cha Tennessee, ndi Ralph Peer, amene pa ulendo womwewo anajambulanso Jimmie Rodgers. Bambowa anandiuza kuti nditsatire chala chachikulu cha Maybelle Carter. Iye amaimba nyimbo yeniyeniyo pa nsambo zapansi ndi chala chachikulu, zala zinazo zikupalasa nsambo zapamwamba kusunga kugunda. Gitala imodzi ikugwira ntchito ziwiri, monga cello ya mu sabata 3.

Sabata yomweyi ndamvera In the Heart of the Moon, chimbale cha 2005 cha Ali Farka Touré ndi Toumani Diabaté a ku Mali, gitala ndi kora ya nsambo 21. Woimba kora amagwiritsa ntchito zala zinayi zokha, zazikulu ziwiri ndi zolozera ziwiri, koma umamva besi, kayimbidwe kobwereza ndi zokometsera zonse pamodzi. Ndinapatsidwa nyimbo imodzi, ndamaliza chimbale chonse.

Sabata 11

Gamelan ya ku Bali. Pano ndiyenera kulemba mosamala, chifukwa sindinaimvetse koma sindikufuna kuitaya.

Ndi gulu la zida zachitsulo zomenyedwa ndi tinyundo, pamodzi ndi zinganga zazikulu ndi ng'oma. Ulendo woyamba khutu langa linati zida sizinachunidwe bwino. Kenako ndinadziwa kuti n'zadala. Masitepe a mawu awo, slendro wa mawu 5 ndi pelog wa mawu 7, sagwera pamene pali makiyi a piyano. Komanso ku Bali zida zimapangidwa ziwiriziwiri, china chokwererako pang'ono kuposa chinzake, kuti zikalira pamodzi mawu azinjenjemera. Liwiro limene ndinkaganiza kuti ndi la munthu mmodzi wa manja odabwitsa ndi la anthu awiri, wina akumenya m'mipata ya mnzake. Amene anandipatsa anati ndidikire chinganga chachikulu, chimene chimatseka kuzungulira kulikonse. Ndachimva, ndipo chimathandiza. Claude Debussy, wopeka nyimbo wa ku France, anamva gamelan ya ku Java pa chionetsero cha ku Paris mu 1889 ndipo inamugwira mtima pomwepo. Ine maulendo atatu sanakwane. Ndaiika pa tsamba latsopano m'kope, la zobwerezanso pakapita miyezi itatu, pamodzi ndi metal yobangula ija.

Sabata 12

Kuwerengera: ndalandira nyimbo 31 kuchokera kwa anthu 12, chifukwa ena sanakhutire ndi imodzi. Ndamaliza maulendo atatu pa 24. Mwa izo, 15 ndazisunga, 5 zili pa tsamba la zobwerezanso, ndipo 4 ndatsimikiza kuti si zanga. Nditayang'ana zinayizo ndaona kuti zitatu zinabwera popanda chiganizo chondiuza potchera khutu. Ndiwalemberanso eni ake ndisanazitseke.

Lachitatu mwana wa mlongo wanga uja ananditembenuzira ntchito. "Amalume, nanunso mundipatse yanu, ndi chiganizo chake." Nyimbo ndinasankha msanga, reggae ya m'ma 1970 imene ndaimva kambirimbiri. Chiganizo ndicho chinandivuta. Ndinakhala pansi, mahedifoni kumutu, foni itayang'ana pansi, n'kuimvera monga ndinamverera raga. Ndinawerenga kugunda kunayi. Pa koyamba, pamene zamba zambiri zimaika ng'oma yolemera, pano ng'oma yapansi sigunda. Imadikira mpaka kachitatu, n'kugwa pamodzi ndi ndodo yomenya m'mphepete mwa ng'oma yaing'ono. Oimba amakutcha one drop, ndipo Carlton Barrett wa gulu la The Wailers ndi mmodzi mwa amene anakutchukitsa. Gitala nayo imadula m'mipata, osati pa kugunda kolemera. Zaka zonsezi thupi langa linkadziwa zimenezi, koma ndinali ndisanazimvepo ndi khutu.

Ndinamulembera kuti: "Werenga mpaka 4, ndipo utchere khutu pa 1, pamene palibe chimene chikugunda." Wayankha lero m'mawa kuti wamva kamodzi, kwatsala kawiri.

Zotsala pa mndandanda: Afrobeat ya Fela Kuti, imene wondipatsa wati nditsatire ng'oma za Tony Allen zokha ulendo woyamba, kuimba kwa pakhosi kwa ku Tuva, cumbia ya ku Colombia, ndi zina zinayi zimene sindinatsegule n'komwe. Anthu atatu amene sanayankhe ndawakumbutsa. Sabata yamawa ndiyamba ndi Fela, Lolemba madzulo.